Chala cha mlamu wanga

Anzanga, ine ndimadziyesa wochenjera, koma zimene ndinachita tsiku la matebeto anga ngakhale mwana sangachite.

Ndili ndi matenda a shuga, ndipo ku kiliniki kwathu ku Masala anandipatsa kamakina kolumikizana ndi foni. Ukabaya chala n'kudonthezapo magazi, nambala imapita yokha kwa Sista, nesi amene amatiyang'anira. Kamakina kameneka n'kakazitape, sikasunga chinsinsi. Mwezi umenewo shuga wanga ankangokwera, ndipo Sista anandiuza mosabisa kuti akakweranso, mapiritsi tisiya, ndiyamba jekeseni wa tsiku ndi tsiku. Ine jekeseni ndimamuopa koopsa, kubaya chala kokhako ndimachita kutsinzina.

Ndiye Loweruka lina abale a mkazi wanga anabwera kuchokera ku Kitwe ndi matebeto. Uwu ndi mwambo wa Abemba, akuchikazi amaphikira mkamwini zakudya zamitundumitundu pomuthokoza kuti akusunga bwino mwana wawo, ndipo mbale iliyonse uyenera kulawa. Ungakane bwanji azimayi atagwada, ng'oma ikulira, azakhali a mkazi wako akukuyang'ana? Ndinati ndingolawa pang'onopang'ono. Ndisaname, ndinadya. Mbatata, chinangwa, maungu, chakumwa chotsekemera cha munkoyo n'kuwonjezeranso.

Nthawi yoyeza itakwana foni inalira m'thumba. Ndikapanda kuyeza Sista aimba, ndikayeza jekeseni. Ndinazemba kupita kuseri kwa nyumba, ndipo kumeneko ndinapeza mlamu wanga Mulenga, amene anabweretsa azimayi aja pa minibasi yake, akugugudiza madzi pampopi. Munthu woonda ngati bango, ndinati shuga angam'peze pati ameneyu?

"Ba mulamu, nibwelekeniko chala chimozi, nifuna chabe kuona ngati kamashini kasebenza," ndinatero.

Anapereka akuseka. Kamakina kanaonetsa nambala yokwera imene sindinaionepo chiyambire kudwala, ndipo ndisanazimitse foni inali itapita kale.

Sista anaimba, sindinayankhe. Anaimbanso, ndinangoiyang'ana. Ndinali nditaiwala kuti ku kiliniki ali ndi nambala ya mkazi wanga. Ndinangomva ng'oma yasiya, kenako mkazi wanga akuthamanga foni ili m'manja, khamu lonse pambuyo pake, mawu a Sista akumveka kwa aliyense.

"Baleteni manje manje ba Tembo, iyi shuga ingabapaye lelo!"

Apa munthu wanzeru akanaulula. Ine ayi. Ndinagwira mutu n'kuyamba kubuula, poganiza kuti bola jekeseni kusiyana ndi manyazi pamaso pa akuchikazi. Azakhali anayamba kulira kuti anthu adzati apha mkamwini ndi chakudya. Anandinyamula ngati thumba la chimanga n'kundigoneka pampando wakumbuyo, mkazi wanga akundikupiza ndi chitenje, azimayi akupemphera mokweza, Mulenga n'kuliza minibasi.

Tili pa liwiro, akupyola magalimoto, ndi pamene nzeru zinandibwerera. Magazi oti angaphe munthu lero aja mwiniwake ndi uyu wagwira chiwongolero. Ndinamuona akutikita maso, akunyambita milomo, akupempha kuti wina am'patsire madzi. Bwanji akakomoka pomwepa, ndi azimayi onsewa? Mantha enieni anandigwira tsopano.

Ndinadzuka n'kukhala tsonga.

"Imikani motoka. Magazi aja si anga, ni ya ba Mulenga."

Chitenje chinasiya kukupiza. Azakhali anandifunsa m'Chibemba, mwaulemu woopsa, kuti magazi a mwana wawo ndimatani nawo, ndipo ndinafotokoza zonse nditazolika mutu. Chotsatira chake wodwala amene ananyamulidwa uja ndi amene anayendetsa minibasi mpaka ku kiliniki, Mulenga atagona pamalo panga.

Sista anam'tumiza Mulenga kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, ndipo anati akanachedwa zikanavuta. Ine ndinayesa kuzemba, ndikuti poti ndapulumutsa munthu andikhululukira. Sista anandiitana, sanakalipe, anangogwira dzanja langa n'kusankha yekha chala. Mbatata zonse zija zinaonekera.

Lero m'mawa uliwonse ndimadzibaya jekeseni pamimba nditatsinzina, mkazi wanga ataima pomwepo kuti aone kuti mimbayo ndi yangadi. Chala cha mwini sindidzabwerekanso, olo chioneke chathanzi bwanji.