Pegi ya apongozi padoko

Mpaka lero ndikaona pegi yopanira zovala, ndimangoseka ndekha. Ndikuuzani chifukwa chake, koma musakawauze apongozi anga.

Ntchito yanga ndi yoyang'anira mizati ya konkire yomwe amaikhomera pansi pa madzi kuti inyamule doko. Mzati ukalowa m'matope palibe angauonenso, ndiye pouumba timaikamo ulusi wagalasi wowonda ngati tsitsi. Makina athu amatumiza kuwala mu ulusiwo, ndipo penapake pakapanikizika kapena kuyamba kung'aluka, kompyuta imaloza malo enieniwo. Ulusiwo umakhala m'chikutiro chachikasu, moti wosadziwa angati ndi chingwe wamba. (Mawu amenewo muwasunge.)

Kampani yathu ndi yaing'ono, ndipo inkafunitsitsa ntchito padoko lina lomwe ankalikonzanso m'mphepete mwa mtsinje wa Potomac, kuno kutsidya kwa nyanja. Abwana anandisankha kuti Lolemba ndikaonetse eni dokolo mmene ulusiwu umagwirira ntchito. Sanapite m'mbali: ntchitoyi ikatiphonya, ena a ife tiyamba kusakasaka kwina. Ponena "ena" anandiyang'ana ine. Linali Lachisanu, ndipo tsiku lomwelo ndinatenga mpukutu wa chingwe choonetseracho n'kukausiya m'galaja kunyumba kwathu, m'tauni ya Bowie. Makina anatsala ndi abwana.

Masiku amenewo kunyumba kunali amayi a mkazi wanga, ochokera ku Chipata, omwe anabwera kudzatithandiza kulera khanda lathu, Taonga. Loweruka ndinapita kokameta. Pobwera ndinasuzumira kuseri kwa nyumba. Chingwe changa chachikasu chinali chitakungidwa kuchokera pampanda mpaka pachipilala cha khonde. Pamenepo panali zitenje, timalaya ta mwana, buluku langa la kutchalitchi, mapegi ali ndandanda.

"Atate ake Taonga, mwabwela?" anatero apongozi, nkhope ili ngwee. "Cija cimakina coumitsila cikudya nsalu. Napeza nthambo yabwino m'galaja. Yolimba iyi!"

"Zikomo amayi, mwachita bwino," ndinayankha, manja ndili nawo kumbuyo ngati mwana wa sukulu. (Inde, ndinawathokoza. Mukanakhala inu mukanatani?)

Ndinathamangira kukhitchini kwa mkazi wanga. "Mayi, chonde kawauzeni achotse. Muli galasi m'menemuja, likathyoka ntchito yandithera."

"Iwe, nikawauze ine? Ndiwe engineer, kawauze weka," anatero uku akugwedeza mwana, akuseka mpaka misozi.

Kuchotsa ndekha sindikanatha. Mkamwini wanji wogwira chitenje cha apongozi? Kuwauza kuti alakwitsa, atauluka ulendo wonsewo kudzatilerera mwana, pakamwa panakana. Ndiye ndinakhala pawindo, injiniya wathunthu, kupempherera dzuwa. Mphepo ikaomba, buluku langa likavina, ine ndinkagwira mutu. Madzulo apongozi anaanula zovala, n'kukulunga chingwecho mwaudongo kuposa mmene ndimachitira ine, n'kuchibwezera m'galaja. Ngati galasi linali lamoyo kapena ayi, panalibe njira yodziwira mpaka Lolemba. Kutchalitchi Lamulungu ndinaimba kwambiri.

Lolemba tinakumana m'kaofesi ka padoko pomwepo. Panali abwana anga, ndi mayi wina wa imvi, injiniya wamkulu wa eni doko, wosaseka ndi munthu. Ndinalumikiza chingwe kumakina. Kuwala kunadutsa! Ndinatsala pang'ono kululutira. Koma pakompyuta, mzere womwe umayenera kukhala wosalala unali ndi nsonga imodzi yaitali, yoima ngati nyanga.

"Icho n'chiyani?" anafunsa mayiyo. "Chingwe chanu n'chowonongeka?"

Abwana anandiyang'ana diso lija la Lachisanu. "Makina akuti china chake chapana chingwe pamalo awa," ndinatero. Ndinayamba kufunyulula mpukutu, kutsata mtunda womwe kompyuta inaloza. Pamalo enieniwo, m'kati mwa mpukutu, panali pegi yobiriwira, itagwira zolimba.

Bodza linandisowa, ndiye ndinafotokoza zonse, zitenje, buluku ndi apongozi omwe. Mayi uja sanaseke. Anatola pegiyo, n'kuiyang'ana, n'kundiuza kuti nditembenukire kukhoma. Anaipana pena pake pachingwe, n'kuphimba ndi jekete lake. Ndinatembenuka, kuyang'ana kompyuta, n'kupita kukaloza. Anaisuntha, ndinaipeza. Anayesa kupana ndi zala zokha, ndinapezanso. Pamenepo ine mapewa anali atakwera, ndikuyenda ngati doko ndi la bambo anga.

"Ngati chikumva pegi, mng'alu wa mzati sichingauphonye," anatero mayiyo. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni. "Ndipo chapirira buluku lonyowa. Matope athu sachiopsa."

Ntchito tinaipeza, abale! Mizati ija lero ili pansi pa mtsinje, ulusi wathu uli m'kati, ndipo ndine ndimawerenga zomwe ikunena. Abwana anagula paketi ya mapegi, ndipo sapita koonetsa makina opanda imodzi m'thumba. Amanena ngati nzeru yawo, koma ndawakhululukira.

Phunziro n'lakuti mkamwini azilankhula zinthu zisanafike poipa. Ndinalimvetsa bwino lomwe. Tsiku loti abwerere kwawo litayandikira, mpukutu uja uli m'galaja momwemo, apongozi anandiitana.

"Atate ake Taonga, ija nthambo yacikasu, munganipatseko nipite nayo ku Chipata?"

"Palibe vuto, amayi," ndinamva pakamwa panga pakuyankha.

Ndinathamangira kusitolo n'kugula chingwe chachikasu choyanikira zovala, chokongola ndithu, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anachikoka uku ndi uku, n'kuchiyang'anitsitsa, kenako n'kundiyang'ana ine.

"Si iyi," anatero. "Ija yenzeko bwino. Koma musavutike, nizafuna neka m'galaja."