Baluni la Abambo Anga

Kwa Olemekezeka Anduna Oona za Maulendo a Zaumoyo,

Bwana,

Ndalemba chogwada. Ine ndine Faines, mwana wa a Andireya a kuno ku Bowe. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndipo pagulu sindiyankhula. Ngakhale kukwaya ndimaima kumbuyo. Koma akuti masiku ano a matipate aliyense ali ndi pakamwa, ndiye ndati panga ndiyambe ndi kuthokoza.

Choyamba, zikomo potipitira ku Thailand. Pamsonkhano wa pabwalo la sukulu munatiuza kuti kumeneko mtsempha wa mtima ukatsekeka, madokotala amalowetsa kapaipi pantchafu, kali ndi kabaluni kunsonga, n'kukafufumitsa mkati kuti magazi adutse. Munawerenga papepala kuti odwala ambiri amabwerera kwawo akuyenda okha. Tinawomba m'manja mpaka kuwawa. Anthu a ku Thailand timawanyadira mpaka lero.

Chachiwiri, tamva kuti simunangoonerera. Munagona pabedi inu nomwe kuti ayesere pa mtsempha wanu. Atsogoleri odzipereka chotere ndi osowa. Tinaona tokha kuti makwerero a pansanja munakwera osapumira.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha mabaluni okhala ndi nkhope yanu amene a komiti anagawa mutatha kuyankhula. Abambo anga akudwala mtima chaka chachiwiri tsopano. Pochokera kudimba amapumira kanayi asanafike pamwamba pa chitunda, dzanja lili pachifuwa, ndipo fodya chaka chino sanalime. Iwo anamva kuti mabaluniwo ndi omwe aja a ku Thailand. Lawo anakana kuti wina aliyense alipope. Analisunga m'Baibulo, pa Masalimo. Lolemba lake ndinawaperekeza kuchipatala chathu chaching'ono, atavala jekete la kutchalitchi. Ananyamulanso pampu ya njinga, poti tinazolowera kuti popita kuchipatala umatenga zako zonse, ngakhale kandulo.

Adokotala sanatiseke. Anayang'ana baluni, anayang'ana pampu, n'kutuluka panja kanthawi. Atabwerako maso ali ofiira, anatipatsa asipirini ndi kalata.

Chachinayi, kalatayo ndiye yayenda, bwana. Inafika kuboma, inafika ku Lilongwe. Kumeneko anati makina otsegulira mitsempha m'dziko muno mulibe, koma dzina la wodwala likhoza kulowa pa mndandanda wa otumizidwa kunja, umene umakhala mu ofesi yanu. Papita miyezi isanu ndi iwiri. Kalatayo ili ndi zidindo zinayi, ndipo ili bwino ndithu, siyipumira panjira.

Chachisanu, sindingaiwale za a Vinsenti, oyandikana nafe, amene anamwalira ndi matenda omwewa mu Febuluwale. Ambulansi inalephera kufika chifukwa cha matope. Koma galimoto yanu inafika m'mawa mwake, pamsewu womwewo, itanyamula bokosi la zogwirira zonyezimira. Mudzi wonse unaona kuti maliro simuchedwa nawo. Amayi anga, a Roza, akuti ndisadandaule, nafenso simudzatitaya.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Dzina ndi Andireya, silitenga malo ambiri papepala. Mulilembeko pa mndandanda uja, ngakhale pansi penipeni, mutatha kulemba a m'banja mwanu. Ngati sizingatheke, paulendo wanu wina muwatenge ngati onyamula chikwama. Bola pasakhale chitunda.

Baluni lija ndaliika mu envulopu momwemu. Silinagwiritsidwepo ntchito, nkhope yanu ikadali yomwetulira. Abambo sakudziwa kuti ndalichotsa m'Baibulo, ndipo akafunsa ndidzati mwaliitanitsa kuti mukalipimitse. Choncho musandichititse bodza, bwana. Galimoto yanu njira ya kwathu ikuidziwa kale. Ndikungopempha kuti ulendo uno ifike abambo akadapuma.

Ine wanu wosadziwa kuyankhula,

Faines Andireya
Bowe, Dowa