Chinjoka Chanu Chikuchedwa, Mfumu

Kwa Olemekezeka Mfumu ya Dziko la Mapiri Oyaka,
Pampando wachifumu, chipinda chapamwamba,
M'kompyuta ya alamu anga.

Mfumu yanga,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Mundikhululukire polemba kalata, chifukwa ndikabwera kudzalankhula nanu pamaso mumangondiyankha mawu amodzimodzi aja akuti, "Fulumira mnyamata, chinjoka chili pafupi!"

Mwina mwandiiwala. Ndine mwana uja ndinapulumutsa dziko lanu ndili ku pulayimale, nthawi imene gemu yanu inkatijombetsa kusukulu. Pano ndakula, ndili ndi digiri ya kayendetsedwe ka boma, ndipo ndikugona pabalaza kwa achemwali anga podikira ntchito. Mwezi wathawu, nditatopa ndi kulemba makalata osayankhidwa, ndinakupezani m'kompyuta yakale ya pakona. Ndinati ndiyambirenso gemuyi, ndikaone chitukuko chimene mwachita chikusiyireni mtendere.

Zikomo kwambiri, Mfumu. Palibe chimene mwaononga, pakuti palibe chimene mwakhudza.

Choyamba ndithokoze za mlatho wa kumsika. Ndinaukonzetsa ndili mwana, nditakwera mapiri kukalanda nyundo kwa mizukwa. Ndaupeza wothyoka pomwe paja, mmisiri yemwe uja ataima pambali, akulira nyundo yomwe ija. Kusunga mbiri ya dziko kotereku si kwa mfumu wamba.

Chachiwiri, kalembedwe kanu ka antchito. Mwa mabwana onse amene ndawagogodera, inu nokha ndi amene simunandifunse luso la zaka zambiri pa ntchito. Munali ndi asilikali ovala zitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, atandanda mizere iwiri kutsogolo kwanu, koma munaloza ine, mwana wopanda nsapato, n'kundipatsa ndodo. Lupanga ndinakadzigulira ndekha m'sitolo ya kuseri kwa nyumba yanu, imene mwini wake amafanana nanu mphuno. Asilikali aja akadali pomwe paja. Sanadwalepo, sanakalambe, sanapite ngakhale kuchimbudzi. Ndiye ife achinyamata tilowera pati?

Chachitatu ndi nkhani ya miphika. M'dziko lanu ndimalowa m'nyumba ya munthu osaodira, ndikuswa miphika, ndikutsegula mabokosi, ndikutenga mankhwala amene anasungira mwana wodwala, mwini nyumba ali chiimire, akumwetulira n'kumandiuza kuti kunja kwacha bwino. Ndili mwana ndinkati anthu anu ndi okoma mtima. Sukulu yanditsegula maso: ndi anthu amene anazolowera kuti wochokera kwa mfumu amabwera kudzatenga. Mwawaphunzitsa bwino, ndawomba m'manja.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi chachinayi. Ulendo uno ndinaganiza zoyesa chinthu chimene mwana sangachiganize. Mutandiuza kuti ndifulumire, ine sindinafulumire. Ndinanyanyala ntchito. Ndinakawedza nsomba. Ndinathamangitsa nkhuku za mayi wina mpaka zonse zinalowa m'khola. Ndinagona m'nyumba ya alendo mpaka mwini wake anayenera kundiyesa m'bale. Nthawi yonseyi maso anga anali kumwamba, kudikira moto.

Mfumu, chinjoka sichinabwere.

Ndinadzaima patsogolo panu, ndodo m'manja, n'kusiya kompyuta ili yoyaka mpaka inayamba kulira ngati chigayo. Osabwerabe. Ndiye ndinanyamuka kukachisuzumira kuphanga kwake, osati kukamenyana nacho ayi, kukangochizonda. Ndikudziwitseni modzichepetsa kuti msewu wopita kuphangako ndi wokhawo wopanda maenje m'dziko lanu lonse. Miyuni ya m'makoma ikuyaka bwinobwino, kutanthauza kuti alipo amene amathiramo mafuta. Mabokosi a chuma m'katimo ali ndi chidindo chofanana ndi cha pachipewa chanu. Chinjokacho ndinachipeza chili gone, chonenepa, khungu lili see, ngati chinthu chimene chakudya chimachipeza pomwe chili. M'dziko limene mmisiri alibe nyundo, ndani akudyetsa chinyama chotere? Ine sindikunena kanthu. Ndangophunzira pang'ono.

Ndakumbukiranso mmene zinathera ulendo woyamba. Ndinachipha, ndinabwera ndili magazi okhaokha, malipenga analira, inu munati, "Wachita bwino mnyamata," kenako mayina a azungu ndi a anthu ena osawadziwa anayamba kukwera pagalasi la kompyuta. Langa panalibe. Inu munatsala pampando. Lero ndabwera, chinjoka chilipo china, mpando ndi womwewo, wokhalapo ndi yemweyo.

Tsopano imvani za chilombo chenicheni, chimene alonda anu sanakuuzeni. Alamu anga ndi makaniko, munthu amene chinthu chikangolira osayenda amachigulitsa. Aleza mtima nane kokwanira. Achemwali anga akhala akuuza anthu oyandikana nawo kuti mlongo wawo akugwira ntchito za pakompyuta, koma dzana alamu anaima kumbuyo kwanga, manja ali oilo yekhayekha, n'kundiona ndikuthamangitsa nkhuku zija. Anafunsa ngati digiri ija inali ya zoweta. Anatinso iwo pa msinkhu wanga anali atamasula kale injini ya lole, pamene ine ndikulephera kumasula ngakhale lamba wa thalauza limene anandibwereka. Achemwali sanandiikire kumbuyo ulendo uno. Anangolowa kukhitchini n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka.

Chigamulo chagwa: ndikapanda kuonetsa ntchito pofika Loweruka, kompyuta ipita kwa wometa tsitsi wa kutsidya kwa msewu. Iyeyo wanena kale kuti adzafufuta zonse kuti aikemo nyimbo zokopera makasitomala. Ine nditaya polembera makalata ofunsira ntchito. Inu mutaya mapiri, msika, asilikali, mpando, ndi ndevu zomwe. Chimene chinjoka chalephera kuchita zaka zonsezi, alamu anga achita ndi chala chimodzi, kwinaku akutafuna chingamu.

Choncho tili m'ngalawa imodzi, Mfumu, ndipo yabooka mbali yanu. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndadekha mpaka nkhonoyo yapuma pa ntchito n'kusiyira mwana wake udindo.

Pempho langa ndi laling'ono. Sunthani pang'ono pampandopo, ndikhalepo ine, kuti alamu akamadutsa aone kuti mlamu wawo ndi munthu. Mlatho ndiukonza tsiku lomwelo, asilikali ndiwatuma kuphanga, miphika ya anthu ipume. Ngati miyendo yanu inauma chifukwa chokhalitsa, ndikumvetsa. Ndipatseni unduna uliwonse, ngakhale wa nkhuku, luso ndili nalo tsopano. Ngati maunduna anatha ndi a mphuno zija, ndilembeni ulonda wa pachipata. Kuima malo amodzi n'kumanena mawu amodzimodzi ndingathe, ndakhala ndikuonera kwa akuluakulu.

Koma ngati malo onsewa ndi odzaza, monga amandiyankhira kwina konse, pali udindo umodzi umene mwini wake sakuugwira. Chonde, mwa chifundo chanu chosatha, ndilembeni ntchito ya chinjoka. Sindidzavuta za malipiro, sindidzapempha tchuthi, ndipo njira ya kuchipinda chanu ndikuidziwa bwino. Ndikulonjeza ndi mtima wonse kuti mukadzangonena kuti chili pafupi, ine ndidzafikadi.

Ndine kapolo wanu wosatopa kugwada, ngakhale mawondo ayamba kuyankhula,

Mpulumutsi Wanu Wakale,
wa digiri, wa pabalaza.