Tcheyamani Amene Anasesa Munda

Nkhani iyi ndimaipewa, koma poti ku Mayfair, dera lathu kuno ku Joni, aliyense akuidziwa, bola ndiinene ndekha ena asanaithire mchere. Ndi yamanyazi, ndipo mwini manyaziwo ndine.

Ine ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Midrand. Pa kapinga wa madamu anga tsamba silikhalitsa. Likangogwa, ine ndafika. Ndiye pamene Amalawi anzanga anayamba kagulu ka ulimi wa permaculture, wosamala nthaka mwachilengedwe, kuseri kwa shopu ya Che Amidu, telala wa ku Mangochi, sanavutike kupeza tcheyamani. Anangoti, "A Mbewe ndi akatswiri." Ine sindinatsutse.

Maphunziro ankachitika Loweruka masana. Ndinapitako kamodzi, n'kukawodzera. Mumtima ndinkati munthu wokula ndi khasu ku Dedza angauzidwe chiyani ndi mphunzitsi wake, Sis Lindiwe, mtsikana wa ku Soweto wovala magambutsi?

M'gulumo munali Mayi Nasibeko a ku Ntcheu. Amayi awo anamwalira chaka chimenecho, ndipo iwo sanapite kumaliro chifukwa mapepala anali atatha. Mng'ono wawo anawatumizira kabotolo ka njere za bonongwe wofiira wa m'dimba la malemuwo, anakakalandira kwa dalaivala wa basi ku Park Station. Njerezo anazifesa zonse pa bedi limodzi, kutatsala masiku atatu kuti tichite msonkhano woonetsa munda kwa anthu. Anandiuza zimenezi pamaso, ine n'kugwedeza mutu ndili pa foni.

Ma volunteer ndinawagawira ntchito bwinobwino: awa mipando, awa tiyi, awa kuitana anthu pa WhatsApp. Ine ndinadzipatsa yolandira alendo.

Tsikulo ndinafika sikisi koloko m'mawa. Nditayang'ana mundawo, mtima unawawa. Udzu wouma ponseponse! Masamba, makatoni, makoko a nthochi, zonse zili mbwee pamabedi. Kwathu mlendo safikira pazinyalala. Alendo akamabwera umasesa mpaka kuseri kwa nkhokwe.

Ndinavula jekete n'kugwira reki.

Che Amidu anatuluka, tepi ili m'khosi.

"A Tcheya, kodi zimenezi mwagwirizana ndi anzanu?"

"Che Amidu, inu sokani mathalauza. Za munda tisiyireni eni ake."

"Koma udzuwu ndimawaona akuuyala okha…"

"Ulesi umenewo! Tandibwerekani machesi."

Anandibwereka, koma akupukusa mutu.

Ndinagwira ntchito, abale. Bedi lililonse ndinalipala mpaka dothi kuoneka, n'kulikanda mizere yowongoka ngati ya kwa madamu. Zinyalala zonse ndinaunjika pakona ya mpanda n'kuyatsa. Utsi unakwera mpaka mayi wina wa pa flat kukuwa kuti "Haibo!" Ine ndinamuimikira dzanja, ndikuyesa akundiyamikira.

Teni koloko ndinali nditavalanso jekete, ndaima pageti. Anthu analowa akuseka, koma atangokhota kuseri kwa shopu, kuseka konse kunatha, ngati alowa pasiwa.

Sis Lindiwe anagwira m'chiuno. "Baba, iphi i-mulch?"

Ndinayang'ana kwa Che Amidu.

"Akufunsa udzu wophimbira nthaka uja," anatero motsitsa mawu. "Anzanuwa autolera miyezi itatu."

"Wophimbira?"

"Eya. Kuti chinyezi chisathawe. Ndiye mutu wa msonkhano wa lero."

Ndinaloza pakona. Panali phulusa likufuka.

Mayi Nasibeko sanakalipe. Anapita pa bedi lawo, nagwada, n'kusisita dothi ndi chikhato.

"Njere za amayi zinali pamenepa, achimwene."

Bola akanandituka. Ndinamva chisoni chimene sindinamvepo chifikireni ku Joni. Ndinavula kapusi.

Msonkhano sunalephereke. Sis Lindiwe anati popeza munda wabwino palibe, aphunzitsa ndi woipa. Anandipatsa ndowa kuti ndithire madzi pa dothi losaphimbalo. Madziwo anangoyenderera n'kukathera mu ngalande, atanyamula dothi. Iye ankalankhula Chingerezi, Che Amidu akumasulira: "Taonani zimene munthu wosadziwa amachita." Anthu anajambula zithunzi. Pa zithunzi zonsezo pali ine ndi ndowa.

Kuyambira pamenepo, udzu umene ndinkatchetcha ku Midrand sindinkatayanso. Ndinkaulongedza m'matumba n'kukwera nawo taxi, anthu akundinena m'Chizulu. Mabedi onse ndinawaphimbanso. Koma pa bedi la Mayi Nasibeko sipanamere kanthu, ndipo moni wawo anali wa mawu amodzi.

Mvula itagwa kawiri, anandiimbira foni.

"Achimwene, tabwerani."

Ndinawapeza atakhala pansi pakona ya mpanda. M'mphepete mwa phulusa lija, pamene moto sunafike, munali mutamera timbewu ta bonongwe tofiira tosakwana khumi. Reki yanga inakokera njere zina kumeneko.

"Amayi anali chonchi," anatero, misozi ili m'maso. "Ukawakankha uku, amatulukira uko."

Kenako satana wa utcheyamani anandilowanso.

"Mwaona, Mayi? Phulusa ndi feteleza. Ine ndinkadziwa chimene ndikuchita."

Anapukuta misozi ndi chitenje, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Zoona, a Tcheya. N'chifukwa chake komiti yagwirizana kuti mpando mukhalebe nawo. Koma reki ndi machesi, Che Amidu akhomera mu shopu. Kiyi ali ndi ine."

Mpaka lero ndine tcheyamani wa alimi, koma wosaloledwa kugwira chida.

Usanasese pakhomo pa eni, yamba wafunsa chimene anakwirira.