Mmene Ndinagwirira Bulugadiya Wabodza

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Nangongwe, pali amayi ena ogulitsa tomato amene amaimirira n'kundimenyera saluti. Si ulemu ayi. Nkhani yake ndi iyi.

Misozi, mwana wa mlongo wanga, anapita ku Italy kukasamalira okalamba. Tsiku lina anatumiza uthenga woti wapeza mwamuna, wapolisi, dzina lake Tullio, ndipo akubwera naye kudzaonekera. Anatumizanso chithunzi: mnyamata wowonda ataima pakhomo la ofesi, pachitseko palembedwa "Brig. Tullio, CC".

Mlongo wanga anathamanga nayo foni kwa ine, poti pamtundu pathu ndine ndimadziwika ndi Chingerezi (ndinagwirako ntchito kufakitale ya nsalu, muofesi, osati kumakina).

"Imwe ba malume bake, aya malemba yatanthauza chani?"

Sindinaphethire n'komwe. "Brig. ni Bulugadiya. CC ni Chifu Komanda."

Chitaliyana ndinachiyamba ndi kuchimaliza tsiku lomwelo.

Atamva kuti mkamwini ndi mkulu wa asilikali, mlongo wanga analuluta mpaka nkhuku kubalalika. Koma ine mtima sunakhale pansi. Bulugadiya wanji wopanda mimba? Wa msinkhu umenewo? Ndinachikuza chithunzicho ndi zala mpaka kuona kuti nsapato zake zinali zakutha kuchidendene. Ndinati basi, kamberembere uyu wangoima pakhomo la bwana wake kuti anamize mwana wathu.

Ndinapita kwa ba Mweemba, aneba anga, amene anapuma usilikali ali sajeni.

"Osadandaula," anatero. "Munthu wa yunifomu nimamuziba na fungo chabe."

Tsiku lofika linakwana. Ine ndi ba Mweemba tinakadikira pasiteshoni, maso kumagalimoto akuluakulu. Bulugadiya wathu anatsika muminibasi ya ku Lusaka, atapanikizana ndi thumba la makala, atanyamula chikwama chake ndi cha Misozi chomwe. Ba Mweemba anandigunda ndi chigongono.

Kunyumba anthu anali atadzaza, ndi abusa omwe. Mlendo anagwada popereka moni, anadya nsomba za ku Chanyanya ndi manja, ndipo atatha anayamba kutolera mbale.

"Mwaona?" ananong'ona ba Mweemba. "Bulugadiya sagwila mbale. Lekani nimuyese."

Anaimirira n'kumenya saluti yoti phazi linagwedeza tebulo. Tullio analumpha, mbale zili m'manja, n'kucheukira kumbuyo kuti aone wamkulu amene walowa. Apo ndiye ndinatsimikiza. Ndinazemba, kukakhoma geti, kiyi n'kuponya m'thumba (ndinkadziona ngati wapolisi wofufuza, kunena zoona).

Nditabwerera ndinamufunsa Tullio m'Chingerezi changa cha muofesi kuti ali ndi anthu angati pansi pake.

Anawerenga zala. "Atatu," anayankha. "Ndi galu mmodzi."

"Nanga galimoto?"

"Kakang'ono. Timasinthana."

Ndinaimirira n'kukhosomola. "Abale, uyu muntu ni kawalala! Geti nakhoma, palibe azachoka mpaka apolisi abwele. Chifu Komanda wa kuti olamulila galu?"

Abusa anasiya nsomba ili pakamwa. Misozi anaphimba nkhope ndi manja, ndipo ndinaganiza kuti choonadi chamulasa. Tullio anamufunsa chimene chikuchitika, iye n'kumufotokozera m'chilankhulo chawo, ine nditaimika foni m'mwamba ngati umboni wa kukhoti. Mzungu uja anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana ine, kenaka anaseka mpaka kukhala pansi.

Misozi sanaseke.

"Ba malume," anatero, "kwao brigadiere ni sajeni chabe. CC ni chidule cha zina ya gulu yao ya apolisi. Nindani anakamba za Chifu Komanda? Ine sininakambepo. Na Tullio sanakambepo."

Mlongo wanga, amene anali atalengeza kale kutchalitchi konse kuti akulandira mkamwini wamkulu wa asilikali, anandiloza ndi mlomo. "Ni aba."

Ndinayang'ana kwa ba Mweemba kuti andithandize. Iwo anali atatambasula kale manja.

"Sajeni? Kanshi ni munzanga! Bwela kuno, mwana!"

Anakumbatirana, n'kuyamba kuonetsana maperekedwe a saluti. Ine ndinatsala ndekha pakati pa bwalo, foni idakali m'mwamba. Choipitsitsa n'chakuti abusa ankafuna kupita, ndiye ndinayenda ulendo wonse wokatsekula geti anthu onse akundiperekeza ndi maso. Loko naye anasankha tsiku lomwelo kuti alimbe.

Misozi anatha mlungu osandilankhula. Paukwati ntchito yomasulira anaipereka kwa wina, ine anandikhazika pafupi ndi zokuzira mawu, kumene ngakhale ndikanati ndilankhule sakanandimva.

Ndinapepesa, ndipo Tullio ndi munthu wabwino, ndavomera. Ndinaphunziranso kuti malemba achilendo uzifunsa eni ake. Komabe pali chimene sindinakhutire nacho. Dziko limene sajeni limamutcha bulugadiya likubisa chinachake. Nanga bulugadiya weniweni amamutcha chiyani? Ndinamufunsa Tullio, iye anangoseka. Kusekako sikunandisangalatse.