Tsiku Limene Apongozi Anandisolola M'chumuni

Ena ulemu wawo unathera ku mowa, ena kwa akazi a eni. Wanga unathera m'chumuni, masanasana, ndisanalawe ngakhale thobwa.

Ntchito yanga ndi yotsuka machumuni a m'makhitchini akuluakulu, aja amakoka utsi pamwamba pa mbaula. Umalowamo chokwawa, tochi kukamwa, n'kumapala mafuta amene akhala akuundana zaka. Timagwira awiri ndi a Makwinja, amene anandiphunzitsa. Malamulo awo ndi awiri basi: dula magetsi a fani yokoka utsi usanalowe, ndipo panja pakhale munthu wogwira chingwe woti uziyankhulana naye.

Tsono ine ndine mkamwini. Ndimakhala pa puloti ya apongozi anga aakazi ku Matawale, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana m'njira, iwo ankapatukira uko, ine uku. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo ngati mtondo. Anzanga amati ndi zachikale, koma ine zinkandikomera kwabasi. Nyumba ndilibe, njinga ndilibe, sukulu ndinalekezera panjira, komabe panali munthu mmodzi m'Zomba yense amene ankandipatsa ulemu.

Apongoziwo amaphika pa malo ena ogona alendo pamwamba pa phiri (dzina sinditchula, ndikufunabe maganyu), ndipo ndi amene anatipezera ntchito kumeneko. Tinapangana Lolemba, tsiku limene khitchini imakhala yotseka. M'mawa wa tsikulo a Makwinja anandiimbira kuti kwagwa maliro ku Mbedza, tisinthe tsiku. Ndinavomera pakamwa pokha. Ndikanawachititsa bwanji manyazi mayi amene ananditchula dzina kwa abwana awo? Ndinanyamula chingwe, ndowa ndi soda wosungunulira mafuta, n'kukwera phiri ndekha.

M'khitchinimo ndinapeza munthu mmodzi yekha, apongozi, atakhala pa kampando akusankha nyemba. Atandiona anatembenukira kukhoma, ine n'kuyang'ana pansi. Apa m'pamene panayambira tsoka, chifukwa bokosi la magetsi linali pakhoma lomwelo, pamwamba pa duku lawo. Kuti ndidule magetsi ndinayenera kuwaweramira. Ndinaima, n'kuganiza, n'kudziuza kuti fani ndi yozima kale, aiyatsa ndani? Za chingwe ndiye sindinayerekeze n'komwe kuwapempha. Mbali imodzi ndinamanga pa lamba wa buluku langa, inayo pa mwendo wa tebulo. (Inde, ndikudziwa kuti tebulo siliyankha munthu.)

Ndinakwera pa mbaula n'kulowa. Kuphiri kumazizira, ndiye mafutawo anali gwaa, chopalira chikungodumpha. Ndinati ndichenjere, ndinakhuthulira kutsogolo kwanga ndowa yonse ya madzi otentha a soda. Mafuta anasungunukadi. Kungoti chumuniyo imatsetsereka pang'ono kulowera kukhoma kumene kuli fani, ndipo ine ndinaterereka nawo limodzi mpaka pamene imapanikiza. Mapewa anatsakamira, dzanja lina pansi pa mimba, tochi itagwera kutsogolo. Kubwerera kunakanika. Nthunzi ya soda inayamba kundiwotcha m'maso ndi pakhosi, mpweya ukuchepa.

Munthu wanzeru akanakuwa. Ine ndinagogoda malata mwaulemu. Apongozi anayesa ndikugwira ntchito. Ndinatsokomola katatu, kutsokomola kwa tanthauzo, koma zii. Kenaka ndinasonkhanitsa kampweya kotsala n'kunena kuti, "Odi kunjako."

"Odini," anayankha motsitsa mawu, ndipo ndikhulupirira anayankha akuyang'ana khoma.

Abale inu, ndili pakamwa pa imfa, chimene chinatuluka m'kamwa mwanga n'chakuti, "Mwaswera bwanji?" Anati aswera bwino, kaya ine. Ndinati ndaswera bwino. Misozi ikutsika, chifuwa chikuyaka, ndinawauza mayi aja kuti ndaswera bwino.

Chifuwa chitakula, apongozi anandimvera chisoni. Anaganiza kuti bambo a ana akusowa kamphepo m'katimo, ndipo poti sakanatha kundifunsa, anangodzuka mwakachetechete n'kuyatsa fani.

Chinthu chija chinali mkono umodzi kuchokera pamphumi panga. Chinayamba ndi kung'ung'udza, kenaka chinakoka chipewa changa n'kuchitafuna ine ndikumva. Thupi linasendera kutsogolo pang'ono. Pamenepo chikamwini chinandithera. Ndinakuwa kuti, "Amayi, zimitsani, ndikufa!" n'kuwonjezapo mawu ena amene sindingalembe pano, amene sindinkadziwa n'komwe kuti ndimawadziwa.

Fani inazima. Ndinamva chingwe chikukokedwa ndi mphamvu za munthu wozolowera kuvundula mphika wa anthu zana. Chimene chinayamba kuyenda si ine ayi, koma buluku. Linatsika pang'onopang'ono mpaka m'mapazi, n'kumandikhwekhwereza chobwerera. Mapazi atatulukira, mayi aja anakwera pa mbaula, anandigwira akakolo n'kusolola. Ndinagwera pansi ndili bii ndi mafuta, buluku lili m'manja mwawo, ine ndili ndi kabudula wam'kati uja mkazi wanga wakhala akundiuza kuti nditaye.

Ndinayesa kukwawira pansi pa tebulo. Anandigwira khutu n'kundikokera pampopi. Ananditsuka m'maso, ananditsuka m'khosi ndi sopo wotsukira mbale, akundikhula ngati mwana wa chaka chimodzi. Mawu oyamba amene anandiyankhula maso ndi maso chikwatirireni anali akuti, "Manyazi anapha lambe, bambo inu. Mukanafera umu, mwana wanga ndikanakamuuza kuti chiyani? Kuti munaswera bwino?"

Ndinatsika phiri nditavala chitenje chawo.

A Makwinja atamva anandikalipira mpaka thovu, kuti anthu amafera m'machumuni ndipo ine ndinapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Zimenezo sizinandipweteke kwenikweni. Chinandipweteka chinachitika patatha masiku atatu. Ndinakumana ndi apongozi m'kanjira ka kumsika, ndipo mwachizolowezi ndinapatukira m'maudzu n'kuvula chipewa chatsopano. Iwo sanapatuke. Anabwera molunjika, n'kundisenzetsa thumba la makala.

Ndinadandaula motsitsa kuti kodi amayi, mwambo uja watha?

"Ndikuthaweninso chifukwa chiyani?" anatero akuyang'ana m'maso mwanga. "Chatsala n'chiyani chimene sindinaone?"

Masiku ano magetsi ndimadula ngakhale patakhala bishopu pansi pa bokosilo, ndipo sindilowa m'chumuni popanda munthu panja. Moyo ndili nawo. Koma m'Zomba yense mulibenso wondipatukira m'njira, ndipo makala a pakhomo paja amasenza ndine.