Tsiku limene Imfa inandipitirira pa msewu wa ku Thambani

Sekani, anyamata a kabaza inu, sekani mpaka mano onse aoneke, koma amene akuti ine sindithamanga aimirire anene ndikumuyang'ana. Palibe? Ndiye khalani pa njinga zanuzo mumve. Kuyambira pa boda mpaka kwa Nthache simudzapeza munthu wothamanga mochedwa kuposa ine, ndipo kuchedwa kumeneko ndi kumene kwachititsa kuti lero ndikhale ndikupuma.

Ine ndinakalambira pa mpando, kulemba mapepala a katundu wa mathiraki pa boda paja, mpaka mimba inatsikira m'mawondo. Tsiku lina ndinagwa pa khomo la ofesi. Adokotala sanapsatire, anati mtima wanga watopa, ndikapanda kuyamba kuthamanga Khirisimasi ndikadyera kumanda. Amene anandikoka dzanja ndi a Likongwe, mnzanga wa ku Dedza amene anabwera kuno ngati mlangizi wa zaulimi, n'kukwatira, n'kukhazikika m'mudzi wa mphepete mwa msewu wa ku Thambani. Iwowo anali munthu wowonda, wa liwiro la mtondo wadooka. M'mawa uliwonse ankadzanditenga kunyumba, tinkanyamukira limodzi, iwo n'kuzimiririka, n'kukandidikira pa kamlatho ka pafupi ndi kwawo, botolo la madzi lili m'manja. Ndikafika ankangoti, "Mwafika, achimwene? Ndimati ndiyambe kumanga nyumba pompano."

Poyamba zinkandiwawa, ndisaname. Ndinkachita manyazi ngati munthu amene wang'ambikiridwa buluku pa msika. Koma nditaona kukula kwa mphatso yanga ndinaleka kudandaula. Mukumva? Ine mathiraki oima pa mzere kudikira mapepala anandipitirirapo, mayi wina ndinamupeza akubzala chimanga kumayambiriro kwa munda wake ndipo pofika kumapeto kwa mundawo anandipatsa chootcha, galu amene anayamba kundithamangitsa ali kamwana anandisiya atagweluka mano, chiswe chinamanga chulu pa nsapato yakumanzere ndikudikira kuti yakumanja itere pansi, ndipo mthunzi wangawu unatopa nane, unatsogola kunyumba, unakamwa tiyi, n'kubwerera kudzandipeza ndisanadutse mtengo wa manachesi umene unandisiyapo. Ngati ndikunama lilime ili liume.

Inu mukapeza masamba atayalidwa pa msewu, kusonyeza kuti m'mudzimo muli maliro, mumatsika n'kumakankha njinga, si choncho? Othamanga nawonso amaleka liwiro n'kuyenda mwaulemu, apo ayi adzukulu awalipiritsa nkhuku. Ine ndadutsa pa maliro osawerengeka ndili pa liwiro langa lonse, thukuta lili kamukamu, ndipo palibe anandiimitsapo. Kwina anandipatsa mpando, ankayesa ndabwera kudzakhuza.

Tsono tsiku limenelo kunali chiperoni, nkhungu ili tolo. A Likongwe anali atatsogola kale. Ndinamva njinga yamoto kumbuyo kwanga, yopanda nambala, ngati zija zolowera njira zachidule kuchokera ku Zobue, kutsidya kwa boda, ndipo wokwerapo anali Imfa. Musandifunse nkhope yake. Ine ndinangomva kuzizira kukwera m'fupa la msana, ndinadziwa kuti yabwera kudzatenga ine. Inali itadzera kunyumba kwanga, mwana wanga Esinati n'kuiuza mwaulemu kuti bambo apita kothamanga, ndiye inkafuna munthu wothamanga.

Inafika pamene ndinali ine, inazimitsa injini, inasuzumira uku ndi uku, kenako inayedzamiritsa njinga ija pa ine poyesa chitsa, inaponda pa bondo langa n'kumanga chingwe cha nsapato yake, inapachika chipewa pa mutu wangawu kuti ipukute nkhope, ndipo nthawi yonseyo ine ndinali ndikuthamanga ndi mphamvu zanga zonse, mtima ukugunda mpaka kukhosi. Mukumva inu? Itatenga chipewa chake inadziyankhulira yokha kuti, "Anati akuthamanga. Ndiye kuti ali kutsogolo." Inaliza njinga, n'kulowera kumlatho.

Ndinakuwa, koma ndi mawu anga omwe ndi ochedwa, anthu a kumlatho anawamva mawa lake. Ndinathamanga abale, ndinathamanga mpaka nsapato zinatha, mvula yoyamba inandipeza pa njira, ndevu zinafika pa chifuwa, ndipo pofika kumudzi kwa a Likongwe masamba a pa msewu anali atauma kale n'kuuluzika, manda atakwirira, anthu atameta, chiliza atamanga, penti wake atayamba kusuluka.

Iwe wa jekete yofiira, ndakuona ukutsinzinira mnzako. Ukuti bodza. Chabwino, pa chimanga paja ndathirapo kamchere, ndipo njinga ija mwina inali ya munthu wa makala. Nkhani ya chiliza ija ndimainena choncho chifukwa ndi yosavuta kutuluka pakamwa. Ndinafika pa kamlatho dzuwa lisanakwere. A Likongwe anali atakhala pansi, atatsamira chipilala monga mwa masiku onse, mutu utagwera pa phewa. Ndinawanyoza kaye kuti lero mwagona, madala. Nditawagwira dzanja linali litazizira. Botolo la madzi linali pa miyendo pawo, losatsegula, ankasungira ine. Kuchipatala anati ndi mtima. Mtima wa munthu amene sanadwalepo ndi mutu womwe, pamene wodwala mtima anali ine. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindidziwa woti ndimukalipire.

Esinati amandibisira nsapato, amati bambo mudzagwera pa msewu anthu n'kumatiseka. Ndimazipeza, ndimavala, ndimapita. Adokotala anati ndikaleka ndiye kuti ndatha, ndipo a Likongwe sanavutike nane m'mawa masiku onse aja kuti ndikafere pa mpando. Koma kuwonjezera liwiro ayi, zimenezo muiwale. Ndithamangirenji? Amene ankandidikira ndi madzi pa kamlatho paja kulibenso. Amene akundidikirapo tsopano ndi wa njinga yamoto uja, wazindikira kuti anatenga munthu wolakwika, ndipo m'mawa uliwonse ndikayandikira ndimamva injini yake ikulira chapansipansi mu nkhungu.

Adikire. Ine ndikubwera pa liwiro langa.